Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi yemwe adakulira pamsewu

Munthu akaima pagombe la Nkopola n'kuponya maso kutsidya kwa nyanja amaona mapiri omwe m'tsinde mwake muli Malindi. Uko ndiko kwawo kwa Henry Masauko Chipembere. Koma pa zaka 45 zomwe adakhala ndi moyo, zambiri adazithera kutali ndi kwawoko, poyamba mwakufuna kwake, kenako mokakamizidwa.

Chipembere adabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo m'boma la Ntchisi. Bambo ake, a Habil Chipembere, adali mphunzitsi wa mishoni ya Anglican ndipo pambuyo pake adadzozedwa unsembe. Mwana wa mphunzitsi wa mishoni sachedwa kuzolowera kumanga katundu, chifukwa komwe mpingo watuma bambo, banja lonse limalondola.

Atamaliza maphunziro ake pa Blantyre Secondary School, mnyamatayu adapeza kuti msewu wa sukulu wathera pomwepo. Nyasaland idalibe yunivesite. Motero m'chaka cha 1950 adalowera ku Goromonzi, m'dziko la Southern Rhodesia lomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo mu 1952 adapitirira ku Fort Hare ku South Africa, sukulu yomwe adaphunzirako Nelson Mandela ndi Robert Mugabe.

Masiku amenewo anyamata a msinkhu wake ochokera ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, ankapitanso kumaiko omwewo: ena kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena kuminda ya azungu ku Rhodesia. Iwo ankakagwira fosholo ndi khasu, iye mabuku, koma kuchilendo kudali kumodzi. Kudalibe amalume okadandaulira, nkhani za kumudzi zinkabwera pakalata basi, ndipo tsankho lomwe boma la South Africa lidalikhwimitsa kuchokera mu 1948 silinkafunsa kuti wakuda uyu ngwapasukulu kapena ngwakumgodi. Ambiri mwa anzakewo adatchona. Chipembere adabwerako kumapeto kwa 1954, digiri ili m'manja.

Boma la atsamunda lidamulemba ntchito yothandizira bwana DC. Adayambira ku Domasi, n'kumusamutsira ku Fort Johnston, kenako ku Dedza. Iyi idali ntchito yomwe kholo lililonse linkapempherera mwana wake: malipiro a pamwezi, ulemu pamudzi, ndi penshoni ukakalamba. Vuto lidali lakuti boma lomwe ankaligwirira ntchitolo ndi lomwe lidalowetsa dziko lino m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu akukana. Taganizani mwana wa ku Malindi ataima pabwalo ku Fort Johnston, pamaso pa akuluakulu omwe adamuona akukula, akulankhulira boma lomwelo.

Sadakhalitse. Adatula pansi ntchitoyo ndipo mu March 1956, ali ndi zaka 25 zokha, adasankhidwa kukhala mmodzi mwa anthu akuda asanu olowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba, pamodzi ndi Kanyama Chiume. Kudzidalira kwake kudaonekera apa. Kuphika ndi kudzichapira wina aliyense amaphunzira akachoka pakhomo, koma kusiya malipiro otsimikizika, pomwe abale angoyamba kumene kukuyang'anira, n'chinthu chomwe ochepa amachilimba mtima.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamata wozolowera maulendoyu ndiye adalimbikira kuitanira kumudzi munthu wina yemwe adatha zaka zoposa 40 ali kunja. Makalata ake ndi ena mwa omwe adakopa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe adatera pa Chileka pa 6 July 1958.

Zotsatira zake zidadza mothamanga. Mu March 1959 atsamunda adamutsekera ku Gwelo pamodzi ndi Kamuzu ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Adamumasula mu September 1960, n'kumumanganso mu 1961 pamlandu woukira boma. Ali m'ndende, bambo ake ndiwo adamusungira mpando wa kunyumba ya malamulo. Atatuluka mu January 1963 adakhala nduna, ndipo unduna wa zamaphunziro udali m'manja mwake pomwe dziko linkakonzekera kutsegula yunivesite yake, ija iye adaisowa.

Mu September 1964 nduna zidasemphana ndi Kamuzu, Chipembere ali kumsonkhano ku Canada. Atabwerako adatula pansi udindo pogwirizana ndi anzake ochotsedwa. Boma lidamulamula kuti asachoke ku Malindi, iye n'kuthawira kutchire. Usiku wa pa 12 February 1965 adatsogolera anthu pafupifupi 200 kukalanda boma la Fort Johnston, n'kuuyatsa wa ku Zomba. Ulendowo udathera pa Liwonde, pomwe adapeza pantoni yowolotsa anthu pa Shire ili tsidya lina. Anthu a ku Mangochi adalipira zowawa chifukwa cha usiku umenewo kwa zaka zambiri, ndipo mnzake Medson Silombela adanyongedwa.

Mu April chaka chomwecho Chipembere, yemwe ankadwala matenda a shuga, adatuluka m'dziko mwachinsinsi kupita ku America. Nduna ya dzulo idabwerera padesiki ngati wophunzira pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Mu 1966 adapita ku Tanzania komwe adaphunzitsa pa Kivukoni College ku Dar es Salaam, ndipo mu 1969 adabwerera ku Los Angeles kukaphunzitsa pa California State University. Choko ndicho chidadyetsa banja lake kuchilendoko, monga momwe chidadyetsera banja la bambo ake.

Adamwalira komweko pa 24 September 1975, osaionanso nyanja. Mkazi wake, mayi Catherine Chipembere, adabwerera kumudzi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi adawasankha kukhala phungu. Msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe, womwe kale unkatchedwa Kamuzu Highway, udapatsidwa dzina la Masauko Chipembere.