Puyi: mfumu yotsiriza ya China imene inamwalira ili munthu wamba

Puyi analongedwa ufumu wa dziko la China ali ndi zaka ziwiri cabe, koma anamwalira ali munthu wamba. Anthu ambiri kunja kwa China anadziwa mbiri yake kupyolera mu kanema wochedwa The Last Emperor, amene anatuluka m'caka ca 1987.

Iye anabadwira mu mzinda wa Beijing pa 7 February 1906. M'caka ca 1908, mfumukazi Cixi ili pafupi kumwalira inamusankha kuti alowe ufumu. Mwanayo anacotsedwa kwa makolo ake nakaleredwa ku nyumba yacifumu ya Forbidden City, kumene akuluakulu anali kumugwadira ndipo panalibe womudzudzula.

Ufumu wa banja la Qing unagwa m'caka ca 1912, koma Puyi analoledwa kukhalabe m'nyumbayo kufikira m'caka ca 1924 pamene asilikali anamupitikitsa. Pofunitsitsa kubwerera pa mpando, iye anagwirizana ndi dziko la Japan, limene linalanda cigawo ca Manchuria. M'caka ca 1934 anamuika kukhala mfumu ya dziko limene analicha Manchukuo. Mphamvu zonse zinali m'manja mwa asilikali a Japan, ndipo anthu a kumeneko anazunzika kwambiri.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha m'caka ca 1945, asilikali a Soviet Union anamugwira. M'caka ca 1950 anamupereka ku boma la cikomyunizimu la China, limene linamusunga m'ndende ya Fushun kufikira m'caka ca 1959. Atamasulidwa anagwira nchito yosamalira zomera m'munda wa boma mu Beijing. Anamwalira pa 17 October 1967 ali ndi zaka 61, osasiya mwana.

Kanema wonena za moyo wake anatsogoleredwa ndi malemu a Bernardo Bertolucci a ku Italy, amene boma la China linawalola kujambulira mkati mwenimweni mwa Forbidden City. A John Lone ndi amene anasewera monga Puyi atakula, pamene a Peter O'Toole anasewera monga Reginald Johnston, mphunzitsi wake wa ku Scotland. M'caka ca 1988 kanemayu anapata mphoto zisanu ndi zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya kanema wopambana onse.

Akatswiri ounika makanema anayamikira kukongola kwa zithunzi, zovala ndi nyimbo zake. Komabe ena anati kanemayu anamucitira cifundo Puyi mopitirira muyeso, pomuonetsa monga mkaidi amene anali kungokankhidwa ndi anthu ena moyo wake wonse. M'buku la mbiri ya moyo wake, Puyi mwini anavomera kuti anali kulamula kuti atumiki ake akwapulidwe pa zifukwa zazing'ono.

Ku Japan nako kunabuka mkangano pamene kampani yogulitsa kanemayu inadulamo zithunzi zoonetsa kuphedwa kwa anthu a mu mzinda wa Nanjing ndi asilikali a Japan. A Bertolucci atadandaula, zithunzizo zinabwezeredwamo.

Nyumba imene Puyi anakuliramo inasandutsidwa malo osungiramo zinthu zakale m'caka ca 1925. Atatuluka m'ndende, iye anakaceza kumeneko monga mlendo wina aliyense.