Emilio Cigoli: Mwini Liwu la Ngwazi za m'Kanema

Pabwalo la gule maso onse amakhala pa wovina, koma woimba ng'oma saŵerengedwa. Lero tikamba za munthu amene Ataliyana adamva liwu lake kwa zaka zoposa 40, ngakhale kuti ambiri sadaidziŵe nkhope yake.

Emilio Cigoli adabadwira mu mzinda wa Livorno mu 1909, ndipo adayamba ntchito ngati wochita maseŵero. Pa nthaŵiyo kanema wolankhula adali atangofika kumene. Boma la Mussolini, posafuna zilankhulo zachilendo, lidalamula mu 1933 kuti makanema akunja aziikidwa mawu a Chitaliyana m'dziko momwemo. Kulemba mawu m'munsi mwa chithunzi sikukadathandiza onse, pakuti munthu mmodzi mwa asanu aliwonse sankatha kuŵerenga. Apa mpamene padakulira ntchito yolankhula m'malo mwa ena, imene Cigoli adailoŵa m'zaka zomwezo.

Ntchitoyi si yamaseŵera. Wolankhula amaima m'chipinda cha mdima nayang'ana kachigawo ka kanema kobwerezabwereza, mpaka mawu ake atagwirizana ndi milomo ya munthu wa pachithunzi. Akachedwa pang'ono kapena kupumira polakwika, owonera amazindikira msanga kuti liwulo nlobwereka. Cigoli adali ndi liwu lakuya ndi lodekha, loyenera munthu wolimba mtima. Nchifukwa chake John Wayne, Gary Cooper, Gregory Peck ndi Jean Gabin adalankhula Chitaliyana kudzera mwa iye. Clark Gable mu Gone with the Wind adalinso Cigoli yemweyo. Ngakhale Lee Van Cleef, m'makanema aŵiri a Sergio Leone a 1965 ndi 1966, adabwereka liwu lomweli.

Tisaganize kuti adabisala chifukwa cholephera kuseŵera poyera. Mu kanema wa Vittorio De Sica wotchedwa I bambini ci guardano adaoneka ndi nkhope yake ngati Andrea, bambo wofatsa amene mkazi wake adamthaŵa namsiyira mwana. Chisoni cha bamboyo chimakhudzabe owonera mpaka lero.

Nkhondo itavuta mu 1943, iye adali ku Spain pamodzi ndi anzake oŵerengeka, ndipo adapitiriza ntchito yawo ku Madrid. Atabwerera ku Roma adakhala mmodzi wa mizati ya bungwe la olankhula m'makanema lotchedwa CDC, mpaka adalisiya mu 1966.

Cigoli adamwalira ku Roma mu November 1980. M'masiku ake maina a olankhula sankalembedwa kaŵirikaŵiri pa kanema, motero ulemu unkapita kwa eni nkhope. Koma Mtaliyana wachikulire akakumbukira John Wayne, liwu limene limamveka m'mutu mwake ndi la mwana wa ku Livorno uja.