William Cowper: Wolemba Nyimbo Amene Anayenda Mumdima

Mwa anthu amene anapatsa Mpingo wa Kristu nyimbo zotonthoza mtima, ngowerengeka okha amene anadziwa cisoni monga William Cowper wa ku England. Nyimbo zace zayimbidwa zaka zoposa 200, pa maliro ndi pa Mgonero wa Ambuye, ndipo zalimbitsa anthu osawerengeka. Koma mwini wace anakhala zaka 27 zotsiriza za moyo wace alikuyesa kuti Mulungu anamtaya. Mbiri yace iyenera kudziwika, pakuti m'midzi ndi m'mipingo muli anthu osenza katundu yemweyo mwakacetecete, naopa kuuza ngakhale mkuru wa mpingo.

Ubwana wace

Cowper anabadwa m'mwezi wa Novembala, caka ca 1731, m'mudzi wa Berkhamsted. Atate ace, a John Cowper, anali mbusa wa mpingo wa m'mudzimo. Amai ace anabala ana asanu ndi awiri, koma awiri okha ndiwo anakula, William ndi mphwace John. M'caka ca 1737, William ali pafupi kukwanitsa zaka zisanu ndi cimodzi, amai ace anamwalira atangobala John. Bala limeneli silinapole msanga. Zitapita zaka zoposa 50, mbale wina anamtumizira cithunzi ca amai acewo, ndipo iye anacipacika pamalo pakuti adziciona pogona ndi podzuka.

Maliro atatha, mwanayo anamtumiza ku sukulu yogonera komweko. Kumeneko mnyamata wina wamkuru anamzunza kolimba, kotero kuti William sanalimbe mtima kumyang'ana kumaso; anali kumzindikira ndi nsapato zace. Pambuyo pace anaphunzira ku sukulu ya Westminster mu mzinda wa London, naonetsa nzeru zambiri. Atatsiriza anaphunzira za malamulo, ngakhale mtima wace sunali pamenepo. Anakonda namwali wina wa pacibale, dzina lace Theodora, koma atate a namwaliyo anakana ukwati. M'caka ca 1756 atate ace a William anamwaliranso.

Mdima ugwa

M'caka ca 1763 mbale wace wina anampezera nchito ya ukalaliki ku nyumba ya malamulo ya akuru a dziko, yochedwa House of Lords. Inali nchito ya malipiro abwino, ndipo Cowper anali wosowa ndalama. Koma kunamveka kuti ayenera kuyamba waima pamaso pa akuruwo, kuti amfunse mafunso poyera. Kwa munthu wina cikadakhala cinthu cacing'ono. Kwa Cowper cinali ngati kuitanidwa kukaphedwa. Miyezi yambiri anakhala pa mabuku tsiku ndi tsiku, osagwira kanthu m'mutu. Tulo tinamthawa, ndipo tsiku la mayeso litayandikira anayesa kangapo kucotsa moyo wace. Mulungu anamsunga.

Nchito ija anaisiya, koma bvuto linakulirakulira. Anayamba kukhulupirira kuti anacita chimo losakhululukidwa, ndipo potsegula Buku Lopatulika maso ace anali kugwa pa mau a ciweruzo okha okha. M'mwezi wa Disembala abale ace anamtengera ku St Albans, ku nyumba ya dotolo Nathaniel Cotton, amene anali kusunga odwala nthenda za m'maganizo. Masiku amenewo odwala otere anali kumangidwa ndi unyolo m'malo ambiri. Koma Cotton anali Mkristu wofatsa, ndipo anamsamala moleza mtima.

Mau a Mulungu amtsitsimutsa

Tsiku lina m'caka ca 1764, alikuyenda m'munda wa nyumbayo, Cowper anapeza Buku Lopatulika liri pa mpando. Analitsegula nawerenga Yohane 11, mbiri ya kuuka kwa Lazaro. Cimene cinamgwira mtima cinali cifundo ca Yesu: kuti Mwana wa Mulungu anaima pakati pa olira, nalira nao pa manda a bwenzi lace. Sanalimbe mtima kunena kuti cifundo cimeneci ncacenso iye, koma mtima wace wouma unayamba kufewa.

M'mwezi wa Julai mphwace John anadza kudzamzonda, namuuza kuti kutaya mtima kwaceko kunali cinyengo ca nthenda. Mau amenewo analowa. Posacedwa, ali khale pafupi ndi zenera, anatsegulanso Buku, ndipo maso ace anagwa pa Aroma 3:25, pamene Paulo aphunzitsa kuti Mulungu mwini ndiye anapereka Mwana wace, kuti mwazi wace ulipire mlandu wa wocimwa ali yense womkhulupirira. Pomwepo Cowper anazindikira kuti cipulumutso cace cinaima pa nchito imene Kristu anaitsiriza kale, yosasowa kuonjezerapo kanthu. Anakhulupirira, nalira ndi cimwemwe. Dotolo Cotton poyamba anaopa kuti kukondwa kwadzidzidziku ndi maonekedwe ena a nthenda yomweyo. Koma atakamba naye masiku ambiri za Uthenga Wabwino, anaona kuti munthuyo wapezadi mtendere.

Zaka za mtendere ku Olney

M'mwezi wa Juni 1765 Cowper anaturuka, nakakhala ku Huntingdon. Kumeneko mbusa Morley Unwin ndi mkazi wace Mary anamlandira m'nyumba mwao monga mwana wao. M'caka ca 1767 mbusayo anagwa pa kavalo namwalira, ndipo Mary ndi Cowper anasamukira ku Olney, ataitanidwa ndi mbusa wa kumeneko, John Newton.

Newton ameneyu kale anali kapitao wa zombo zonyamula akapolo kucokera ku Afrika, koma Mulungu anamtembenuza. Olney unali mudzi wa amphawi, ndipo akazi ambiri anali kudya za kuluka nsaru zokometsera zobvala. Munda umodzi wa zipatso ndiwo unalekanitsa nyumba ya Cowper ndi ya Newton, ndipo anali kulipira mwini mundawo caka ndi caka kuti adzidutsamo pokaonana. Anayendera pamodzi odwala ndi osauka, ndipo Cowper, yemwe uja anaopa kuima pamaso pa akuru, tsopano anali kupemphera mokweza pa misonkhano ya mapemphero.

Newton anamuuza kuti alembe pamodzi nyimbo zoti anthu wamba adziyimba. Buku lao, Olney Hymns, linasindikizidwa m'caka ca 1779; za Cowper zinali zoposa 60, ndipo nyimbo yochuka ya Newton, Amazing Grace, iri momwemo. Cowper anatunga nyimbo zace m'Malembo. Ina anaitenga pa Zekariya 13:1, za kasupe wotsuka macimo. Ina pa Genesis 5:24, za Enoke woyenda ndi Mulungu. Ina pa Yohane 21, pamene Ambuye afunsa Petro za cikondi cace. Imodzi mwa nyimbo zace zotsiriza iphunzitsa kuti Mkristu asayese cikondi ca Mulungu ndi zimene mtima wace ulikumva pa tsiku la msautso. Wolembayo anali pafupi kusowa ciphunzitso cimeneci koposa onse ociyimba.

Mdima ubweranso

Kuciyambi kwa caka ca 1773 nthenda inabweranso ndi mphamvu. Usiku wina analota loto loopsya, ndipo anadzuka atatsimikiza kuti Mulungu wamtaya kosatha. Ukwati umene anapangana ndi Mary Unwin unalephereka. Kuyambira pamenepo sanalowenso m'kacisi kukapembedza pamodzi ndi anzace, nayesa kuti kupemphera sikumyenera.

Koma cozizwitsa ndi ici: Cowper sanakane Malembo. Anakhulupirirabe kuti Uthenga Wabwino ngwoona, ndi kuti Kristu alandira wocimwa ali yense wakudza kwa Iye. Nthenda inamnamiza pa cinthu cimodzi cokha, cakuti iye yekha pa dziko lonse lapansi ndiye wopatulidwa pa lonjezo limenelo.

Apa mpamene abwenzi ace anaonetsa cikristu cao. Newton ndi mkazi wace anamsunga m'nyumba mwao koposa caka cathunthu. Newton sanamtonze, kapena kumcha wosakhulupirira. Ndipo atasamukira ku London m'caka ca 1780, analemberana naye makalata zaka zambiri, namkumbutsa malonjezo amene iye analephera kuwagwira. Mary Unwin anamdikira usana ndi usiku. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Ciyembekezo cimene Cowper sanathe kucinyamula yekha, anzace anamnyamulira.

Nchito ya manja inamthandizanso. Analima ndiwo m'munda, napala matabwa, naweta akalulu atatu amene anawapangira yekha makola. Mary anamlimbitsa kuti alembe ndakatulo, cifukwa polemba maganizo oipa anali kumleka pang'ono. M'caka ca 1785 anaturutsa buku lochedwa The Task, limene linamchukitsa m'dziko lonse la England. M'caka ca 1788 analemba ndakatulo zotsutsa malonda a akapolo, zimene anthu anaziwerenga ndi kuziyimba ponse ponse. Malonda amenewo analetsedwa ndi boma la Britain m'caka ca 1807. Motero munthu wodziyesa wotayika anali cipangizo m'dzanja la Mulungu.

Masiku otsiriza

Mary Unwin atakalamba anadwala nthenda yofa ziwalo, ndipo tsopano Cowper ndiye anamsamala. M'caka ca 1795 mbale wace wacinyamata, John Johnson, anawatenga onse awiri kunka nao ku dera la Norfolk. Mary anamwalira m'mwezi wa Disembala 1796. Cowper anatsala zaka zitatu ndi miyezi inai, ndipo mtambo sunacoke. Ndakatulo yace yotsiriza inanena za munthu wogwa m'nyanja, zombo zitamsiya.

Anamwalira pa 25 Epulo 1800 ku East Dereham, ali ndi zaka 68, naikidwa m'kacisi wa St Nicholas komweko. Johnson, amene anaona mtembo, anasimba kuti nkhope yace inaoneka yabata, ngati ya munthu wodabwa ndi cinthu cokoma cimene sanaciyembekezere. Ku London, Newton analalikira pokumbukira bwenzi lace, natenga mau ace pa Eksodo 3, za citsamba cimene cinayaka moto koma cosanyeka.

Cimene mbiri iyi iphunzitsa

Ena akadakonda kuti mbiri iyi itsirizike ndi kucira. Sinatero, ndipo m'menemo muli phunziro lace. Malembo sabisa kuti anthu a Mulungu amayenda mumdima. Salmo 88 ndi pemphero la munthu wolira kuyambira poyamba kufikira potsiriza, ndipo Mzimu Woyera analola kuti likhale m'Buku. Yesaya 50:10 alankhula ndi munthu woopa Yehova amene alibe kuunika, namuuza kuti atsamirebe pa Mulungu wace. Eliya, mneneri wamphamvu, anathawira kucipululu napempha imfa; ndipo 1 Mafumu 19 asimba kuti Mulungu anayamba wampatsa tulo, mkate ndi madzi, asanalankhule naye.

Pa Aroma 8, Paulo achula zinthu zambiri zosakhoza kulekanitsa wokhulupirira ndi cikondi ca Mulungu, natsiriza ndi kuphatikiza colengedwa ciri conse. Nthenda ya m'maganizo iri m'gulu lomwelo. Dzuwa likabisika m'mitambo ya dzinja, mlimi sanena kuti lazima. Lonjezo limene Cowper analipeza m'caka ca 1764 linali loona pa tsiku la cimwemwe cace, ndipo linali loona cimodzimodzi m'zaka 27 zimene iye sanalimve kukoma.

Madotolo adziwa tsopano kuti cisoni cotere, cokhalitsa masabata ndi miyezi, colanda tulo, cilakolako ca cakudya ndi mphamvu ya kugwira nchito, ndi nthenda monga nthenda zina. Si ufiti, si ulesi, ndipo si cizindikiro cakuti Mulungu wamtaya munthu. Kuli mankhwala ndi uphungu zimene m'masiku a Cowper kunalibe, ndipo ambiri acira nazo. Cifukwa cace mbale wotere aperekezedwe ku cipatala, monga abale a Cowper anampereka kwa dotolo Cotton; ndipo akayamba kukamba za kufuna imfa, asamsiye yekha ngakhale tsiku limodzi.

Mpingo nao uli ndi gawo lace. Mbale akaleka kufika ku mapemphero, nangokhala m'nyumba duu, akristu anzace asafulumire kumweruza. Amyendere, amwerengere Mau pang'ono pang'ono, amuitane ku nchito yopepuka ya m'dimba, ampempherere pamene iye alephera kupemphera. Ndipo wodwalayo, ngati mtima wace umuuza kuti iye yekha alibe gawo pa cifundo ca Kristu, akumbukire kuti William Cowper anayesa comweco, ndi kuti abwenzi ace omdziwa bwino sanabvomereze ai. Mbusa wabwino wa pa Yohane 10 adziwa nkhosa zace ndi maina ao, ndipo azigwira m'dzanja lace, ngakhale zija zodwala zosamvanso mau ace.