Isaac Newton, Mnyamata Wokonda Kufunsa

Isaac Newton anabadwa pa 25 Disembala 1642. Anabadwira m'mudzi wa Woolsthorpe, m'dziko la England. Atate ake anali mlimi, koma anamwalira iye asanabadwe. Isaac anabadwa masiku asanakwane. Anali kamwana kakang'ono ndi kofooka, moti anthu anaganiza kuti sikadzakhala ndi moyo. Koma kanakula ndithu.

Ali ndi zaka 3, amai ake anakwatiwanso ndi kupita kumudzi wina. Isaac anatsala ndi agogo ake akazi. Analibe anzake ambiri osewera nao.

Isaac kusukulu

Ali ndi zaka 12, Isaac anapita kukaphunzira m'tauni ya Grantham. Anali kukonda kupanga zinthu ndi manja ake, monga mmene ana a ku Chadiza amapangira timagalimoto ta mawaya. Anapanga kacigayo kozungulira ndi mphepo. Anapanganso wochi yoyendera madzi.

Pali nkhani yakuti tsiku lina kunaomba cimphepo cacikulu. Isaac anafuna kudziwa mphamvu ya mphepoyo. Analumpha kulowera kumene mphepo inali kupita, ndipo anafika patali. Kenaka analumpha moyang'anana nayo, ndipo anagwera pafupi. Apo anaona kuti mphepo imakankha zinthu, ngakhale kuti sioneka.

Amcotsa sukulu

Ali ndi zaka pafupifupi 17, amai ake anamcotsa sukulu. Anafuna kuti azisamalira munda ndi ziweto. Koma ulimi unamkanika. Akapita kubusa, anali kukhala pansi n'kumawerenga buku. Ziweto zinali kuthawa n'kulowa m'minda ya eni.

Amalume ake, a William Ayscough, anaona kuti mwana wa mlongo waoyo ali ndi nzeru za kusukulu. Ahedi a sukulu, a Henry Stokes, naonso anaona cimodzimodzi. Awiriwa anapempha amai ake kuti amubweze kusukulu. Amai ake anavomera. Akanakana, mwina lero palibe amene akanadziwa dzina la Isaac Newton.

Mu 1661 analowa yunivesiti ya Cambridge. Anali kupatsidwa ndalama zocepa, conco anali kutumikira ophunzira anzake olemera kuti apitirize maphunziro.

Cipatso cakugwa

Mu 1665 mliri woopsa unagwa ku England. Anthu ambiri anafa ndipo yunivesiti inatsekedwa. Newton anabwerera kumudzi. Anakhalako pafupifupi zaka ziwiri. Sanangokhala manja lende. Anali kuganiza ndi kulemba masamu.

Tsiku lina anaona cipatso ca apozi cikugwa mumtengo, phu! Anthu onse amaona zipatso zikugwa. Ku Chadiza mango amagwa caka ciliconse, ana n'kuthamangira kukatola. Koma Newton anadzifunsa cifukwa cake cipatso cimagwera pansi nthawi zonse. Sicipita kumwamba, sicipita kumbali. Anaganiza kuti pali cinthu cimene cimacikoka.

Cimene cimakoka cipatso ndi dziko lapansi. Dziko limakoka ciliconse: mwala, mvula, mpira ndi munthu yemwe. Iyi ndi mphamvu yokokera pansi. Ndiye cifukwa cake mwana akalumpha, amabwereranso pansi.

Newton sanalekere pomwepo. Anayang'ana mwezi. Anaganiza kuti mphamvu yomweyo imafika mpaka kumwezi. Nanga bwanji mwezi sugwa? Mwana akamanga kamwala ku cingwe n'kumakazungulitsa, kamwalako sikathawa cifukwa cingwe cikukakoka. Mwezi naonso umayenda mofulumira, ndipo dziko limaukoka. Conco umangozungulira dziko. Sugwa, komanso suthawa.

Kukankha ndi kukoka

Newton anaphunzira kwambiri za mphamvu zimene zimayendetsa zinthu. Mphamvu zimenezi zimagwira nchito mwa njira ziwiri: kukankha ndi kukoka. Ng'ombe zimakoka ngolo. Mnyamata amakankha wilibala. Mtsikana amakoka cingwe potunga madzi pacitsime.

Mphamvu zina zimafuna kuti zinthu zikhudzane. Phazi liyenera kukhudza mpira kuti mpira uyende. Palinso mphamvu ya kukhulana. Mpira ukamagubuduka paudzu, umakhulana ndi udzuwo, ndiyeno umaima. Mabuleki a njinga amakhulana ndi wilo, njinga n'kuima. Pamatope kukhulana kumacepa, ndiye cifukwa cake munthu amaterereka.

Mphamvu zina zimagwira nchito popanda kukhudza. Maginito amakoka msomali uli capatali. Dziko limakoka mango ali pamwamba mumtengo.

Malamulo atatu

Mu 1687 Newton anatulutsa buku lalikulu lochedwa Principia. Analilemba m'Cilatini. Mnzake Edmond Halley ndiye analipira ndalama zosindikizira. M'bukumo muli malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu.

Lamulo loyamba likuti cinthu siciyamba kuyenda cokha. Mpira umakhala pamalo amodzi mpaka wina aumenye. Cinthu cimene cikuyenda naco siciima cokha, ndipo sicikhota cokha. Pamafunika mphamvu yociimitsa kapena yocikhotetsa.

Lamulo laciwiri likuti cinthu colemera cimafuna mphamvu zambiri kuti ciyambe kuyenda. Ngolo yopanda katundu siivuta kukoka. Koma ikadzala matumba a cimanga kapena a nshawa, ng'ombe zimakoka mwamphamvu. Munthu akapalasa njinga mwamphamvu, liwiro limaonjezeka msanga.

Lamulo lacitatu likuti munthu akakankha cinthu, cinthuco naco cimamkankha mofanana. Polumpha, mapazi amakankha nthaka. Nthaka nayo imakankha mapazi, munthu n'kupita m'mwamba. Mpira ukamenya cipupa, cipupa cimaubweza.

Ukalamba wake

Newton anaphunziranso za kuwala. Anaonetsa kuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, monga ya utawaleza. Mu 1668 anapanga cipangizo coonera nyenyezi. Anakhala mphunzitsi wa masamu pa Cambridge. Pambuyo pake anasamukira ku London, kumene anayang'anira nchito yopanga ndalama za dziko lake. Mu 1705 Mfumukazi Anne inampatsa ulemu waukulu, ndipo anayamba kuchedwa Sir Isaac Newton.

Anamwalira mu 1727 ali ndi zaka 84. Anaikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey ku London, mmene munaikidwa mafumu ndi anthu ochuka.

Lero opanga milatho, magalimoto ndi ndeke amagwiritsa nchito malamulo ake. Mpunga umapimidwa m'makilogalamu, nsalu m'mamita. Mphamvu ya kukankha ndi kukoka imapimidwa ndi muyeso wochedwa newton. Kabango kakang'ono ka magalamu 100 kamakokedwa ndi dziko ndi mphamvu ya pafupifupi newton imodzi.

Mau atsopano

mliri, kukankha, kukoka, kukhulana, maginito, muyeso

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Isaac Newton anabadwira m'dziko liti?
2. Ndani analera Isaac amai ake atakwatiwanso?
3. N'cifukwa ciani ziweto zinali kulowa m'minda ya eni?
4. Chulani anthu awiri amene anathandiza kuti Isaac abwerere kusukulu.
5. N'ciani cimakoka mango kuti agwere pansi?
6. N'cifukwa ciani mpira wogubuduka paudzu umaima?

Nchito

Lembani zinthu zitatu zimene mumakankha kunyumba. Lembaninso zinthu zitatu zimene mumakoka.

Muli awiriawiri, gubuduzani mpira pasimenti. Kenaka ugubuduzeni paudzu. Ndi pati pamene mpira wapita patali? Uzani aphunzitsi cifukwa cake.