MFUMU MPEZENI WOYAMBA

Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anaoloka Zambezi ali kamwana m'caka ca 1835, tsiku lija kadamsana anadetsa dzuwa usana. Atakula anatsogolera Angoni ace nakhazikika m'mapiri a ku Chipata, nalemera ndi ng'ombe. Koma Azungu anamva mbiri yakuti m'dziko lace muli golidi wambiri. M'Januwale 1898 asilikari a Angelezi anafika ndi mfuti zazikuru, ndipo mikondo inalephera. Mwana wace Nsingu anagwidwa naomberedwa, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mfumu yokalambayo inatengedwa ukaidi. Inabwerera kwao patapita caka, nimwalira mu 1900. Golidi wambiri uja sanapezeke, koma makola a Angoni anatsala apululu.