Malemu Dr. James Aggrey: Kodi Digiri Inawapindulira Chiyani?

Pa msonkhano wathu uliwonse nkhani ya malipiro a aphunzitsi sichedwa kubuka. Enafe tinatenga digiri ya uphunzitsi, ndipo tikaona anzathu amene tinkakhala nawo desiki limodzi akutsika m'galimoto zawozawo, timadzifunsa chamumtima ngati tinasankha bwino. N'chifukwa chake m'kope lino takumbukira mphunzitsi wina amene dzina lake lafala pakati pathu, koma mbiri yake ambiri sitiidziwa. Mukakumana ndi Mmalawi wotchedwa Aggrey, dziwani kuti dzinalo linachokera kwa bambo ameneyu.

A James Emman Kwegyir Aggrey anabadwa pa 18 Okutobala 1875 ku Anomabu m'dziko la Gold Coast, limene lero ndi Ghana. Bambo awo anali wolankhulira mfumu komanso katswiri woyesa golide pa malonda. Mwanayo akanafuna chuma, njira inali pakhomo pomwepo. Koma analowa sukulu ya mishoni ya Wesleyan ku Cape Coast, nayamba kuphunzitsa akali mnyamata, ndipo asanakwanitse zaka 25 anali kale mphunzitsi wamkulu.

M'chaka cha 1898 anasiya udindowo nakwera sitima ya pamadzi kunka ku America kukaphunzira pa Livingstone College mu mzinda wa Salisbury. Musasokoneze ndi Salisbury uja ankapitako agogo athu kukagwira ntchito. Uyu ali m'chigawo cha North Carolina. Digiri yoyamba analandira mu 1902, ndipo koleji yomweyo inawalemba ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Livingstone inali koleji ya mpingo wa anthu akuda wa AME Zion, yodalira zopereka za anthu osauka, ndiye malipiro anali ochepa. A Aggrey anaphunzitsa pamenepo zaka pafupifupi 20. Kuonjezera pa kuphunzitsa, ankasunga kaundula wa ophunzira ndi mabuku a chuma cha koleji, ndipo Lamulungu ankakatumikira ngati mbusa m'mipingo iwiri ya kumidzi. Kumeneko anathandiza alimi kuyambitsa bungwe losunga ndi kubwereketsana ndalama, kuti aleke kudyeredwa masuku pamutu ndi okongoza. Mu 1905 anakwatira mayi Rose Douglass, amenenso anali mphunzitsi, ndipo anabereka ana anayi. Nthawi ya tchuthi, m'malo mopuma, ankapita ku Columbia University ku New York kukaonjezera maphunziro. Komabe mpando wa mkulu wa koleji utatseguka mu 1917, anaupereka kwa wina. Aliyense wa ife amene anadumphidwapo pa nkhani yokwezedwa akudziwa kuwawa kwake.

Phindu linabwera mochedwa, ndiponso silinabwere m'thumba. Mu 1920 bungwe la Phelps-Stokes linatuma gulu lotsogozedwa ndi a Thomas Jesse Jones kudzafufuza za maphunziro mu Africa, ndipo munthu wakuda yekhayo m'gululo anali a Aggrey. Kulikonse kumene anafika, anthu ankadzazana kudzaona Mwafirika mnzawo akulankhula azungu ali chete kumvetsera. Mmodzi mwa amene anawamva ku Johannesburg mu 1921 anali Hastings Kamuzu Banda, amene anapitanso ku America kukaphunzira mu 1925. Pa ulendo wachiwiri, mu 1924, gululo linafika ku Nyasaland kuno n'kuyendera sukulu za mishoni. Patapita zaka ziwiri boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro, kenaka linatsegula sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes ku Domasi.

Tisabise mawu: malangizo a gululo anatsindika kwambiri ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja, ndipo ambiri amawadzudzula kuti sanalabadire maphunziro apamwamba a munthu wakuda. Kwathu kuno sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Ena amatinso a Aggrey anali ofatsa mopitirira muyeso pamaso pa atsamunda. Mwina n'zoona, ngakhale kuti n'kosavuta kuweruza munthu titakhala pa mthunzi wa ufulu umene iye sanaulawe.

M'chaka chomwecho cha 1924 anabwerera kwawo kukathandiza a Alexander Fraser ndi Bwanamkubwa Gordon Guggisberg kuyambitsa sukulu ya Achimota, nakhala mmodzi wa akuluakulu ake. Ntchito yawo yaikulu inali yoyenda m'midzi kutsimikizira mafumu ndi makolo kuti sukulu ya bomayo sinali msampha, ndiponso kuti ana aakazi ayenera kuphunzira limodzi ndi aamuna. Chizindikiro cha Achimota ndi makiyi akuda ndi oyera a limba la piyano, kuchokera pa chiphunzitso chawo chakuti nyimbo yokoma imafuna mitundu yonse iwiri. Kwame Nkrumah, amene panthawiyo ankaphunzira uphunzitsi, anali mmodzi wa anyamata amene anakopeka nawo kwambiri.

Sukuluyo inatsegulidwa mu Januwale 1927. Miyezi ingapo pambuyo pake a Aggrey anapita ku America kukaona banja lawo ndi kukamaliza kulemba buku la digiri ya udokotala. Sanalimalize. Anadwala mwadzidzidzi matenda oumitsa khosi, namwalira ku New York pa 30 Julaye 1927 ali ndi zaka 51. Anawaika ku Salisbury. Mwana wawo womaliza, Orison Rudolph, anali wa chaka chimodzi chokha. Mayi Rose anamulera ndi malipiro a uphunzitsi, ndipo atakula anakhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania.

Mu 2017, patatha zaka 90 chimwalirireni, banki yaikulu ya Ghana inatulutsa ndalama yapepala ya ma cedi 5 yokhala ndi nkhope ya a Aggrey.