Inkosi Mpezeni Woyamba: Nthungo ndi Chipepeso

Mpezeni, yemwe dzina lake laubwana linali Ntuto, anabadwa cha m'ma 1830. Bambo ake anali Zwangendaba Jere ndipo mayi ake anali Soseya. Anali akadali kamwana pamene Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa. Motero anakulira pa ulendo, pakati pa zishango ndi ng'ombe zolanda.

Zwangendaba atamwalira ku Ufipa cha m'ma 1848, mkangano wa ufumu unagawa mtunduwo. Mpezeni anatsogolera gulu lake kulowera kumwera, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, kenaka anakhazikika kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Cha m'ma 1880 anagonjetsa Mkanda, mfumu yaikulu ya Achewa, ndipo njira ya kum'mawa inatseguka.

Kwa anthu okhala m'zigwa za Bua ndi Namitete, mpaka ku Nsaru ndi Kabudula, zaka zimenezo zinali za mantha. Kumadzulo kunali ankhondo a Mpezeni, pamene cha ku Dowa kunali Angoni a Chiwere. Midzi yambiri inaunjikana m'malinga, anthu ena nathawira m'mapiri. Nkhondo inkafika mbandakucha, makamaka dzinthu zitalowa m'nkhokwe. Amuna olimbalimba ankaphedwa, amayi ndi ana n'kutengedwa ukapolo, ndipo minda yakutali ndi linga inasanduka tchire.

Koma nayenso wogonjetsa tsiku lake linakwana. Mu 1891 Mpezeni anapatsa Mjeremani wina, Carl Wiese, chilolezo cha malo ndi migodi, chomwe pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya Angerezi ya North Charterland. Mwana wake Nsingo anakana kuti dziko lipite chotero, nasonkhanitsa ankhondo. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain ochokera ku Nyasaland anaphwasula midzi ya Angoni ndi mfuti zamphamvu, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Nsingo anaomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni, ali nkhalamba, anasungidwa ku Fort Manning, komwe ndi ku Mchinji lero, m'dziko lomwe lija ankhondo ake ankaopseza. Atamubwezera kwawo anamwalira mu 1900, ndipo mdzukulu wake Chiloa analowa ufumu.

Mbiri yotere imasiya funso: kodi zidzukulu ziyenera kupepesa pa zimene makolo awo anachita? Ena amati mlandu suola. Ena amati wobadwa lero sanagwire nthungo, choncho alibe chobweza. Chovuta n'chakuti magazi anasakanikirana kalekale. Amayi achichewa ndi achinsenga amene anagwidwa aja ndiwo anabereka ndi kulera mbadwo wotsatira wa Angoni, ndipo ana anayamwira chinenero cha amayi awo kufikira Chingoni chinatsalira m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu. Kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ku Mchinji, ngakhalenso m'midzi yoyandikana nayo kutsidya kwa Bua, munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala chidzukulu cha wogwira ndi cha wogwidwa.

Komabe mwambo uli ndi njira yake. Pa Chichewa, mwana akalakwira mudzi wina, mwinimbumba ndiye amanyamula nkhuku kukapepesa, ngakhale iye sanalakwe, chifukwa chimene akukonza ndi ubale wa mabanja. Ndiponso mawu akuti pepani sanenedwa ndi wolakwa yekha: amawanenanso aliyense wofika pa siwa, kuvomereza kuti pakhomopo pagwa chisoni. Chipepeso chotere chidzukulu chingathe kupereka popanda kunyoza kholo lake kapena kudzisenzetsa mlandu wa eni.

Nc'wala inayambiranso mu 1980 ndipo imachitikira ku Mtenguleni, pamene Kulamba inayambiranso mu 1984 ku Mkaika, ndipo yonse iwiri imasonkhanitsa anthu a mbali zonse za malire. Pa misonkhano yotere dzina la Mpezeni limayenera ulemu, popeza anasunga mtundu wake pa ulendo wautali ndi woopsa. Ulemuwo umakwanira pamene wotamanda nthungo akumbukiranso Mkanda, midzi ya m'malinga, ndi amayi aja amene maina awo sanalembedwe, omwe ndi agogo a mbali zonse ziwiri.